Za malita asanu aja, achimwene a ku Nchalo, musayerekeze

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati ntchito yakusamutsani ku Blantyre kupita ku Nchalo, ndipo makilomita 10 omwe munkathamanga mukuimba mluzu pano akumakusiyani ndi chizungulire, mutu uli waa tsiku lonse. Mnzanu wina wakuuzani kuti muzigugudiza malita asanu a madzi musananyamuke, ndiye mukufunsa ngati zili zoona. Musayerekeze. Mnzanuyo amakufunirani zabwino, koma malangizo akewo akhoza kukugonekani m'chipatala. Ine kuchigwako ndinakhalako zaka zingapo, choncho pirirani nane, ndilemba motalikirapo.

Chimene chikukuvutani kwenikweni ndi kutentha, madziwo akungobwera pambuyo. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pomwe Nchalo ili pansi penipeni, ngakhale mamita 100 siyifika. Aliyense amene anatsikapo zitunda zija kukafika pa Thabwa amadziwa mmene mpweya umasinthira, umangomva ngati wina watsegula uvuni. Mu Okutobala ndi Novembala kufika madigiri 40 kumeneko si nkhani yoti munthu n'kudabwa. Tsono thupi likamathamanga limasonkhanso moto wakewake, pakuti mphamvu zambiri zimene minofu imawotcha zimasanduka kutentha, zochepa chabe ndiye zimasuntha miyendo. Njira yotayira motowo ndi thukuta, koma thukuta limaziziritsa pokhapokha likauma pakhungu. Lija lochucha n'kumadonthera pansi langotayika. Kufupi ndi minda ya nzimbe yothirira, kapena mvula ikamasonkhana kuli chifundizi, thukuta siliuma, mumangonyowa ngati mwagwera m'ngalande koma m'kati mukupsabe. Pamenepo mtima umagwira ntchito ziwiri, kutumiza magazi kumiyendo ndi kutumizanso ena kukhungu kuti akazizire. N'chifukwa chake liwiro lomwe lija la ku Blantyre likukuchititsani wefuwefu.

Ngati mukuganiza kuti botolo lingagonjetse zimenezi, kumbukirani za ku Doha, m'dziko la Qatar, mu 2019, pa mpikisano wa dziko lonse lapansi. Marathon ya amayi, mpikisano wa makilomita 42, anachita kuyiyambitsa pakati pa usiku pothawa dzuwa, madzi ndi ayezi zili mbwee m'njira monse, madokotala ali tcheru. Ananyamuka 68, anamaliza 40 okha. Ruth Chepngetich wa ku Kenya yemwe anapambana anatenga 2:32:43, chonsecho mu Januwale chaka chomwecho anali atathamanga 2:17:08 ku Dubai. Katswiri ngati ameneyo kutentha kunamudyera mphindi 15, nanga inu ndi ine ndife yani kuti tizikakamira nthawi yathu ya ku Blantyre pamsewu wa ku Nchalo?

Ine ndinaphunzira mochititsa manyazi. Mwezi wanga woyamba kumeneko, Loweruka lina ndinagonereza, n'kunyamuka cha m'ma 10 koloko dzuwa likuswa mtengo. Ndinali nditamwa madzi mpaka mimba kuti ndee, ndikudziuza kuti ndakonzeka. Pa kilomita yachisanu ndi chiwiri ndinamva tsemwe, inde tsemwe, kunja kukutentha chomwecho, kenako miyendo inayamba kupita kwina ine ndikufuna kwina. Anandipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa thobwa pansi pa mtengo wa nimu. Anandikhazika pamthunzi, n'kunyika chitenje m'ndowa n'kundifunditsa, uku akundikalipira ngati mwana wawo: "Bambo inu, akukuthamangitsani ndani masana ano?" Madzi m'mimba anali tho, akuchita kumveka khuchukhuchu. Chimene chinandigwetsa ndi dzuwa.

Ndiye tibwere ku malita asanu aja. Thupi la munthu lilibe thanki yosungira madzi a mtsogolo. Mukamwa opitirira, impso zimataya, koma nazo zili ndi malire, pa ola limodzi sizitaya opitirira lita imodzi, ndipo munthu akamathamanga zimachepetsanso ntchito. Madzi otsalawo amasungunula mchere wa m'magazi, uja achipatala amati sodium. Mcherewo ukatsika kwambiri madzi amalowa m'maselo, ubongo umatupa, ndipo m'chigaza mulibe malo oti utupiremo. Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town analemba za vutoli mu 1985 ataliona mwa othamanga mitunda italiitali, ena mwa iwo a Comrades, mpikisano uja wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg. Pa Boston Marathon ya 2002 ku America, ofufuza ena anayeza magazi a othamanga 488 atamaliza, ndipo 13 mwa 100 aliwonse anapezeka mchere utatsika. Ambiri mwa iwo anali oti amaliza akulemera kuposa mmene anayambira, komanso oti atha maola opitirira anayi ali m'njira, akumwa paliponse pamene apeza madzi. Pa mpikisano womwewo mayi wina wa zaka 28, Cynthia Lucero, anamwalira ndi vuto lomweli. Choopsa n'chakuti zizindikiro zake zimafanana ndi za kuchepa kwa madzi: mutu, nseru, kufooka, kusokonezeka. Ndiye anthu achifundo amabwera ndi botolo lina n'kumati imwani, imwani, osadziwa kuti akuwonjezera. Mukaona zala zatupa, mphete kapena wotchi yathina, m'mimba muli khuchukhuchu koma ludzu mulibe, lekani kumwa.

Sindikuti muzithamanga kukhosi kuli gwaa ayi. Kuchepa kwa madzi nako n'koona, ndipo kuchigwako kumabwera msanga. Anthu ambiri amataya pakati pa theka la lita ndi malita awiri a thukuta pa ola, ena kuposa apo. Kusiyana kwake n'kwakukulu chomwechi, ndiye wina aliyense m'gulu muno amene angakupatseni nambala imodzi kuti "muzimwa akuti" akungolota. Nambala yanu muidziwa ndi sikelo. Pezani yoyezera anthu, osati ija ya mavenda ogula thonje, imeneyo tonse tikuidziwa khalidwe lake. M'mawa mukataya madzi, dziyezeni musanavale. Thamangani ola limodzi, pukutani thukuta, vulani zonyowazo, dziyezeninso. Kilogalamu imodzi yomwe yachoka ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi, ndipo muwonjezerepo omwe munamwa m'njira. Tiyerekeze munali 70, mwabwera 68.8, m'njira munamwa botolo la 500 ml: ndiye kuti mumataya malita 1.7 pa ola. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu masiku osiyana. Cholinga si kubweza dontho lililonse muli m'njira, mimba singalole. Kuchepa pang'ono n'kwabwinobwino. Chofunika n'chakuti musamatsike kupitirira magawo awiri pa 100 a kulemera kwanu, kwa munthu wa makilogalamu 70 ndiye 1.4. Ndipo mukapezeka mwalemera kuposa mmene munanyamukira, mwamwa mopyoza.

Mmene ndinkachitira ine nditaphunzira: ntchito yaikulu ndinkaigwira dzulo lake. Kumwa bwinobwino masana onse, kapu pa chakudya chilichonse ndi pena paliponse ludzu likandigwira. M'mawa ndikadzuka kapu imodzi kapena ziwiri basi. Mtunda wosafika ola, kukadali kachisisira, nthawi zina sindinkanyamula kanthu. Ukapitirira ola, botolo m'manja, kumwa pang'onopang'ono ludzu likabwera, osadikira kuti lilime liume komanso osadzikakamiza. Kwa anthu ambiri zimathera pakati pa 400 ndi 800 ml pa ola. Ena amadana n'kunyamula botolo. Njira yake n'kusankha msewu wozungulira woti muzidutsa pakhomo panu mphindi 20 zilizonse, kapena kugwirizana ndi wa kabaza kuti akupezeni pamalo akutiakuti. Pobwera, bwezani pang'onopang'ono kwa maola angapo, lita imodzi ndi kachigawo pa kilogalamu iliyonse yomwe yachoka, pamodzi ndi chakudya.

Za mchere anthu amazikulitsa. Pa makilomita 10, nsima ya ndiwo zothira mchere bwino, kaya ndi mlamba wowamba kaya usipa, yakwana kubweza zomwe mwataya. Mchere umafunika kuuganizira mukamapitirira ola ndi theka, kapena ngati ndinu mmodzi wa aja malaya akauma amatuwa mizeremizere yoyera, thukuta likalowa m'maso kuchita kuwawa. Apo simufunika zakumwa zodula za m'mashopu akuluakulu. Paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi imagwira ntchito, kapena pangani nokha: lita imodzi, timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mchere. Musawonjeze mchere poganiza kuti wambiri ndiye wamphamvu. Sobo wosungunula kwambiri wothira kamchere kotsina ndi zala nayenso amayenda, ndipo pobwera palibe chimene chimandikhazika mtima ngati thobwa lozizira ndi nthochi. Koma dziwani kuti ngakhale zamcherezi mukazimwa mopyoza vuto lija la ku Boston limabwerabe, mchere wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa m'magazi. Ngati muli ndi BP, shuga kapena vuto la impso, kapena mumamwa mapilitsi okodzetsa aja, kambani kaye ndi achipatala musanayambe zothira mchere ndi shuga.

Ma energy drink aja asiyeni, si opangira zimenezi. Mowa wa Lachisanu usiku nawo umalipiridwa Loweruka m'mawa pamsewu, ndipo amene akunena kuti Green yozizira imabweza madzi akudzitonthoza chabe.

Chinthu chimodzi chomwe anthu satchula: madziwo akhale abwino. Kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiiwale. Madzi a m'timapepala ogulitsa m'mbali mwa msewu simudziwa anatungidwa kuti, ndipo kutsegula m'mimba kumatha madzi m'thupi kuposa dzuwa lililonse. Nyamulani anu ophitsa kapena othira WaterGuard. Mijigo ina kuchigwako imatulutsa madzi amchere, musadzinamize kuti mwapeza ORS yaulere, mimba ya mlendo imakana.

Chinanso chomwe chimandiopsa ndi chizolowezi chomeza Brufen, diclofenac kapena Indocid munthu asananyamuke kuti mawondo asawawe. Mankhwala amenewa amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo mukaphatikiza ndi kutentha ndi kuchepa kwa madzi, impso zimavulala. Muziyang'ana mkodzo wanu. Wotuwirako ngati madzi a mandimu uli bwino, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka ukukuuzani kuti mwatsalira. Koma ukatuluka ngati Coke, minofu ikuwawa modabwitsa, kumeneko si kwa botolo, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mutu ndi chizungulire mwatchulazo ndisazipeputse. Mwachoka kumtunda kupita kudera la udzudzu wambiri. Musanaweruze kuti ndi dzuwa, kayezetseni malungo, n'kachala kamodzi ndi mphindi zochepa. Thupi likatentha kapena mukatsegula m'mimba, nsapato zipume mpaka muchire.

Ndipo popeza ambiri muno timathamanga m'magulu, tidziwe ichi. Mnzathu akayamba kuyankhula zosamveka, kudzandira, kukwiya popanda chifukwa kapena kugwa, musanamizike poona kuti thukuta likutulukabe, akhoza kukhala atapsa kale m'kati kupitirira madigiri 40. Choyamba n'kumuziziritsa pomwepo, galimoto ikubwera. Pamthunzi, zovala zichoke, madzi thupi lonse osaumira, kumukupiza, nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, n'kumazisinthasintha. Wosokonezeka mutu musamuthire madzi m'kamwa, angatsamwe. Kenako kuchipatala, ngakhale atayamba kunena kuti ali bwino. Mayi wa thobwa uja sanaphunzire zimenezi m'kalasi, koma anachita ndendende.

Nkhani yabwino ndi yakuti thupi limazolowera. Pakatha masiku 10 mpaka 14 mukuthamanga pang'onopang'ono m'nyengo yotentha, thukuta limayamba kutuluka msanga, mchere wotayika umachepa, madzi a m'magazi amachuluka, mtima umakhazikika. Koma muyenera kulipatsa mpata. Sabata ziwiri zoyambazi dulani mtunda pakati, makilomita 5 kapena 6, pa liwiro loti mukhoza kucheza ndi mnzanu, ndipo wotchi muisiye kunyumba ngati imakupwetekani mtima. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limatuluka itangopitirira 5 koloko, ndiye nyamukani kukangoyamba kuyera kuti pofika 6:30 mukhale mukusamba. Madzulo ambiri amaganiza kuti kwazizira, chonsecho phula la M1 limakhala likulavulabe moto wa tsiku lonse, bola njira zafumbi. Valani zowala ndi zopepuka, kapusi yonyika m'madzi imathandiza, ndipo m'bandakucha muzionekera kwa a mathiraki ndi a njinga.

Mukamva kutentha kwambiri muli kufupi ndi Shire, madzi dzithireni a m'botolo. Eni ake a mtsinjewo sasiyanitsa wothamanga ndi mbuzi. Mukadziyeza pa sikelo paja mubwere mutiuze manambala atatu, kulemera ponyamuka, pobwera, ndi madzi omwe munamwa m'njira, tiwerengere limodzi kukula kwa botolo lomwe mukufunika.