Musathamangire xAPI, yambani mwaona pamene kosi ikufera

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati pakampani panu mulipo asanu, mumapanga makosi a pa intaneti n'kugulitsa kwa mabungwe, koma makasitomala akudandaula kuti anthu awo amaliza kosi pomwe LMS, pulogalamu ya bungwe yoyendetsera makosi ndi kusunga zotsatira za ophunzira, ikusonyezabe kuti sanamalize. Ndiye mukufuna kudziwa ngati musiye SCORM n'kupita ku xAPI (zonsezi ndi njira zimene kosi imatumizira zimene wophunzira wachita), komanso ngati mulembe munthu wapadera woyankha makasitomala kuti olemba mapulogalamu apumeko. Pa ziwiri zonsezi ine ndikuti dikirani kaye. Njira imeneyi ndinayendamo, ndipo inandipweteka.

SCORM ndi yakale ndithu. Inachokera ku ADL, nthambi ya unduna wa zachitetezo ku United States, ndipo SCORM 1.2, imene ambiri timagwiritsabe ntchito, inatuluka mu 2001. Koma ukalamba wakewo si umene ukukuvutitsani. SCORM ndi kucheza chabe pakati pa kosi ndi LMS mkati mwa browser. Kosi ikatsegulidwa imapereka moni ndi LMSInitialize, imanena pamene wophunzira wafika, imasungitsa ndi LMSCommit, kenako imatsanzika ndi LMSFinish. Machezawa akaduka pakati, wophunzira waona zonse ndi maso ake koma LMS siinamve kanthu.

Ife tinali ndi mayi wina woyang'anira maphunziro pa bungwe lina, amene ankatilembera mawu amodzimodzi: "Sizikugwira." Uthengawo unkafikira kwa mnzathu woyankha maimelo, iye n'kuupereka kwa ine, ine n'kuyesa pa kompyuta yanga n'kupeza zonse zili bwino. Tinazungulira choncho masabata atatu, mayiwo mtima ukukwera. Tsiku lina ndinawapempha kuti tilumikizane, andionetse sikirini yawo wogwira ntchito mmodzi akuchita kosiyo. Mnyamatayo anayankha funso lomaliza, anaona mamalikisi ake, anamwetulira, n'kutseka windo pomwepo. Tsamba limene linkatumiza "completed" linali lotsatira, ndipo palibe amene ankafikapo. Cholakwa chinali chathu. Kukonza kwake kunali kwa madzulo amodzi okha, koma ndimamvabe chisoni ndikakumbukira anthu amene anauzidwa kuti abwereze kosi imene anali atamaliza kale.

Pali misampha ina ya mu 1.2 yoti muyang'ane lero lomwe. Malo osungira pamene munthu walekezera, cmi.suspend_data, amalola zilembo 4096 zokha. Kosi ikatalika, LMS ina imadula zotsalazo, wophunzira akabwerera mawa n'kupezeka wayambiranso pachiyambi. Mu SCORM 2004, kuyambira 3rd Edition, malowa anakula kufika zilembo 64000. Komanso mu 1.2 kumaliza ndi kukhoza zimakhalira malo amodzi, cmi.core.lesson_status. Kosi yanu ikhoza kutumiza "passed" pomwe lipoti la kasitomala likuyembekezera "completed". Ndipo ngati munaika masteryscore (mamalikisi okhozera) mu imsmanifest.xml, fayilo yofotokozera LMS za kosi yanu, LMS ikhoza kusintha yokha zimene kosi yanena potengera mamalikisi. Fayilo imeneyi iyeneranso kukhala pamwamba penipeni mu zip imene mumalongedzamo kosiyo, osati m'kafoda kena. Ambiri tinagwapo pamenepa.

Mwina mukuti ndiye tisamukire ku 2004. Funsani kaye LMS ya kasitomala. Moodle, mwachitsanzo, imayenda bwino ndi 1.2 koma 2004 siiilandira yonse.

Nanga xAPI? Ndi yabwino, ndimaikonda. Inatuluka mu 2013, imalemba chiganizo chachifupi cha amene wachita, chimene wachita ndi pa chiyani, n'kusunga mu LRS, nkhokwe yosungiramo ziganizo zimenezi. Imathandiza pamene kuphunzira kukuchitikira kunja kwa LMS, monga pa foni kapena pa ntchito penipeni. Koma payokha siinena mmene kosi itsegulidwire mu LMS kapena kuti kumaliza n'kutani, n'chifukwa chake kunabwera cmi5, malamulo ogwiritsira ntchito xAPI mu LMS, mu 2016. Chachikulu n'chakuti wosankha si inu. Kasitomala amene LMS yake imangodziwa SCORM sagula ina chifukwa cha inu. Mukathera miyezi pa xAPI mudzakhala ndi zinthu ziwiri zosamalira, anthu mulipo asanu omwewo, ndipo dandaulo lija likadalipobe.

Tsopano za woyankha makasitomala, zomwe kwa ine ndiye mutu wa nkhani. Ndikumvetsa kutopa kwa anzanuwo: munthu walowa mkati mwa khodi, foni n'kulira. Koma pa ntchito yathuyi vuto kawirikawiri limabisala pa msoko pamene kosi yanu ikukumana ndi LMS ya eni ake, ndipo msoko umenewo amauona ndi amene anausoka. Mukaika munthu pakati wongonyamula mauthenga, mwatalikitsa njira. Ife tinagwirizana zosinthana: sabata ino mmodzi ndiye wa makasitomala, ndipo sitimuyembekezera kulemba zatsopano, enawo foni saigwira. Sabatayo ikatha amalemba mwachidule vuto lililonse ndi mmene linathera, ndi dzina la LMS yake. Kabuku kameneko ndi kamene mudzaphunzitsire munthu wapadera uja nthawi yake ikadzakwana.

Dandaulo likafika, musayambe ndi kudziteteza. Funsani LMS yake, browser yake, ndiponso ngati zikuchitikira onse kapena ena okha. Kenako ikani zip yomweyo pa SCORM Cloud ya Rustici Software, malo a pa intaneti oyeserapo makosi, muwerenge debug log, muone chilichonse chimene kosi yatumiza. Zikakanika kumeneko, vuto ndi lanu, vomerani msanga. Zikayenda, musamuuze kasitomala kuti "kwathu zili bwino" n'kumusiya. Mayi ngati uja sadziwa lesson_status, chimene akudziwa n'chakuti abwana ake akufuna lipoti Lachisanu. Mulembereni mawu oti atumize kwa eni LMS, mumatepo log ija, ndipo ngati n'kotheka khalani nawo pa kukambiranako.

Ngati mungathe, ikani pano mizere ya log kuyambira pa LMSInitialize mpaka pamene yathera, mutachotsa mayina a ophunzira, ndipo munene LMS imene kasitomalayo akugwiritsa ntchito. Ndiiwerenga madzulo ano ndikaweruka.