Sikopu ya mfuti ikakana kukhazikika: yankho kwa mlimi wa ku Dwangwa

Bambo wina wolima mpunga ndi chinangwa kufupi ndi Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, wanditumizira funso pa imelo. Ali ndi mfuti ya .22 yokhala ndi chiphaso cha kupolisi, ndipo chaka chino adagula sikopu, galasi loyang'anira chandamale lija, naimangirira yekha. Akuti tsiku lililonse zipolopolo zimagwa pamalo ena, moti wapotokola timabatani ta pasikopu tosinthira kumene chipolopolo chimagwa mpaka kena kafika pothera, komanso m'mawa galasi limachita nkhungu. Akufunsa ngati adagulitsidwa chinthu chakufa.

Bambo, n'zotheka kuti sikopuyo ndi yowonongeka, koma ine sindingayambire pamenepo. Nthawi zambiri vuto limakhala m'kamangidwe, ndipo munthu akamathamangira kupotokola timabatani pomwe sikopu ikugwedera pamfuti, amangomaliza zipolopolo zake zodula popanda chimene waphunzirapo. Choncho imasuleni yonse, muyambirenso, mutatsimikiza kaye kuti m'mfutimo mulibe chipolopolo.

Yang'anani poyamba mphete zimene zimagwira sikopu. Thupi la sikopu zambiri ndi la mamilimita 25.4 kapena 30, ndipo mphete ziyenera kukhala za muyeso womwewo. Pamwamba pa mfuti zambiri za .22 pamakhala kanjanji kopapatiza ka mamilimita pafupifupi 11, pomwe mfuti zina zili ndi kanjanji kotakata ka mtundu wa Picatinny kapena Weaver. Mphete za kanjanji kena mukazikakamiza pa kanzake zimaoneka ngati zagwira, koma zimasuntha pang'onopang'ono mfuti ikamalira. Pukutani mafuta onse pakanjanji, m'mphete ndi pamasikuluwu, chifukwa mafuta amene amateteza mfuti ku dzimbiri ndi omwewonso amateretsa sikopu.

Mukaika sikopu m'mphete, musamange kaye. Ikani mfuti paphewa monga mumachitira powombera, mutseke maso, tsaya likhale pamalo pake, kenako mutsegule. Ngati mukuona chithunzi chonse popanda mdima m'mphepete, sikopu ili pabwino. Ngati mukuchita kusolola khosi kapena kubweza mutu, isuntheni kufikira diso litapeza chithunzi losavutika. Pa mfuti zazikulu mpata wa pakati pa diso ndi galasi umakhala wa masentimita 8 mpaka 10 kuti sikopu isakumenyeni pachikope, koma ngakhale pa .22, imene sikankha kwenikweni, mpatawu ndi wofunika kuti mutu uzikhala pamodzimodzi nthawi zonse. Kenako kolowekani chingwe chomangirira mwala panthambi ya mtengo, mfuti muikhazike mowongoka pamatumba a mchenga, ndipo muzungulize sikopu mpaka mzere woimirira wa kamtanda kolozera kamene kamaoneka m'kati mwa sikopu utagona pachingwecho. Sikopu yopendekeka imasokoneza kwambiri, chifukwa mukasintha kuti chipolopolo chikwere, chimapitanso chakumbali.

Pomanga masikuluwu m'pamene ambiri amaonongera. Mangani mosinthanasinthana, ili pang'ono, linzake pang'ono, kuti mpata wa mbali zonse ziwiri za mphete ukhale wofanana. Opanga ambiri amanena mphamvu yomangira ya pafupifupi 2 Nm (newton mita) pamasikuluwu a mphete, imene ndi yochepa ndithu, ndipo ngati mulibe chida choyezera, gwirani mbali yaifupi ya Allen key ndi zala ziwiri, musachite kukanikiza ndi dzanja lonse ngati mukumanga tayala la njinga. Thupi la sikopu ndi la aluminiyamu wopyapyala, ndipo likaphwanyika ngakhale pang'ono, kachubu kam'kati kamene kamanyamula kamtanda sikayendanso bwino. Onaninso masikuluwu amene amagwirizanitsa chitsulo cha mfuti ndi mtengo wake, popeza mtengo umafufuma nthawi ya dzinja ndi kunyala m'chilimwe, ndipo masikuluwuwo amakhwefuka okha.

Popeza kabatani kena mudakafikitsa pothera, kabwezereni pakati. Kazungulizeni mofatsa kuchokera kumapeto ena kufika kumapeto enawo mukuwerenga kulira kwake, ndipo mubwerere ndi theka la nambala imene mwapeza. Muchite chimodzimodzi ndi kanzake. Pambuyo pake lozetsani sikopu kumwamba kopanda dzuwa, muzungulize mbali yoyang'anira diso mpaka kamtanda kataoneka kakuda bwino pa kuyang'ana koyamba.

Tsopano tifike pa kuwombera. Malo ake akhale ndi chulu chachikulu kapena mtumbira wa dothi kumbuyo kwa chandamale, osati madzi kapena miyala. Chipolopolo cha .22 chimaoneka chaching'ono, koma chimatha kuyenda mtunda wopitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo chikagunda pamadzi chimadumpha, chinthu choopsa kwambiri kwanuko kumene kuli asodzi panyanja ndi anthu m'madimba. Mukhalenso kutali ndi malire a nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene kuyambira 2015 ikuyang'aniridwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma, chifukwa chiphaso cha mfuti si chilolezo chosakira nyama.

Yambani pa mamita 25. Ngati mfuti yanu ndi yochotsa bolt, chitsulo chija chimene chimalowetsa chipolopolo ndi kutseka kumbuyo kwa mpope, ichotseni, muyang'ane kudzera mumpope mpaka pakati pa chandamale pataoneka pakati pa bowo, ndipo mfuti isanasunthe, sinthani timabatani kuti kamtanda kafike pomwepo. Zimenezi zimangokuthandizani kuti chipolopolo choyamba chigwe papepala. Mukatero sunthirani chandamale pa mamita 50, mtunda umene umayenerana ndi .22.

Apa ndipo pagona yankho la funso lanu. Musasinthe sikopu chifukwa cha chipolopolo chimodzi. Womberani zisanu mukuloza malo amodzimodzi, mfuti itagona pamatumba a mchenga, mpope usakukhudza chilichonse cholimba, kenako mupite kukayeza ndi rula kuchokera pakati pa gulu la mabowowo kufika pakati pa chandamale. Bowo limodzi silikuuzani kanthu, chifukwa likhoza kukhala la mphepo, la dzanja kapena la chipolopolo chenichenicho, koma gulu limakuuzani zinthu ziwiri: kumene mfuti ikuloza, ndi ngati ikuloza mokhazikika. Gulu likakhala lothithikana koma lili pambali, nkhani ndi ya timabatani. Likakhala lomwazikana, timabatani musatikhudze n'komwe, bwererani ku masikuluwu kapena ku kagwiridwe kanu.

Pa kabatani pamalembedwa muyeso wake. Pakalembedwa 1/4 MOA, kulira kumodzi kumasuntha chipolopolo mamilimita pafupifupi 7 pa mamita 100, kutanthauza mamilimita 3.6 pa mamita 50. Pakalembedwa 0.1 mil, ndi sentimita imodzi pa mamita 100. Tiyerekeze kuti pa mamita 50 gulu lanu lagwa masentimita 7 kumanzere ndi masentimita 3.5 pansi: pa sikopu ya 1/4 MOA muzunguliza ka 20 kulowera kumene kwalembedwa R (kumanja), ndi ka 10 kulowera kumene kwalembedwa UP (m'mwamba). Zilembozi zimanena kumene chipolopolo chipite, ndipo ambiri amene amafikitsa kabatani pothera amakhala kuti akuzunguliza mobwerera. Womberaninso zisanu kuti mutsimikize. Mugwiritse ntchito mtundu umodzi wa zipolopolo, chifukwa za liwiro lalikulu ndi za liwiro wamba sizigwa pamodzi.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa. Mwera ukamawomba m'miyezi ya June ndi July umakankha kachipolopolo kopepukaka moonekeratu, ndipo masana a October mpweya wotentha wochokera pansi umavinitsa chandamale m'galasi.

Za nkhungu zija, muonetsetse kumene ikukhala. Ikakhala kunja kwa galasi, ndi chinyontho cha kunyanja chabe, ndipo imachoka yokha. Ikakhala m'kati, ndiye kuti mphira zotsekera zatha ndipo mpweya wouma wa nayitrojeni umene opanga amaikamo udatuluka. Sikopu yotero musaitsegule. Ibwezeni kwa amene adakugulitsani, chifukwa kutentha ndi chinyontho cha m'mphepete mwa nyanja zidzameretsa nguwi pamagalasi, timizere toyera tokhala ngati ulusi, timene timadya utoto wopyapyala wa pagalasi. Pa chifukwa chomwechi musasunge mfuti m'chikwama chake cha nsalu nyengo yonse ya mvula. Ikhale m'kabati yokiya, yotalikirana ndi khoma lonyowa, muli timapaketi ta silica gel tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Popukuta galasi, yambani mwachotsa fumbi ndi kaburashi kofewa, kenako kansalu kopukutira magalasi a m'maso. Malaya ayi, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kamakanda galasi kosachiritsika.

Mukachita zonsezi, sikopu yeniyeniyo muiyese motere. Pa mamita 50 womberani zitatu, muzungulize ka 20 kumanja ndi kuwombera zitatu, ka 20 m'mwamba, ka 20 kumanzere, kenako ka 20 pansi, nthawi zonse mukuloza malo amodzi. Magulu ayenera kupanga bokosi la ngodya zinayi, ndipo gulu lomaliza ligwe pamwamba pa loyamba. Likagwa kwina pomwe masikuluwu onse ali olimba, pamenepo mukhoza kupita kwa wogulitsa uja ndi pepala lachandamale m'manja.