Cheke chabwerera, mwini wake akukana ngongole

Mayi wina wandilembera imelo. Anabwereketsa ndalama, anapatsidwa cheke, banki yachibweza, ndipo mwini cheke tsopano akuti panalibe ngongole. Mayiwo akufunsa ngati chekecho pachokha chingawapambanitse kukhoti. Mayi, mwandigunda pachilonda.

Ineyo zinandionekera. Mnzanga amene ndinkamuyesa mbale wanga anabwera nkhope ili gwa, ati katundu wake wagwidwa. Ndinamupatsa ndalama pamanja. Iye anandilembera cheke cha tsiku la m'tsogolo, n'kusaina mokhotakhota monga amachitira mabwana. Tsikulo litakwana ndinakaika ku banki. Chinabwerera chitadindidwa mawu akuti "Refer to drawer", kutanthauza kuti kafunseni amene analemba. Ndinapitadi kukafunsa. Foni osayankha, pakhomo ana akuti bambo achokapo, chonsecho nsapato zawo zili pakhonde.

Titafika kukhoti nyimbo inasintha. Akuti chekecho chinali chikole chabe, ndipo theka la ndalama anandibwezera kale pamanja. Bodza lamkunkhuniza! Koma loya wake atandifunsa kuti lisiti ili kuti, ndinangoyang'ana pansi. Tinakagwirizana kunja, ndinalandira zochepa.

Chimandinyansa n'chakuti amene amachita manyazi ndi ife obwereketsa. Munthu akufuna ndalama zako, iwe n'kumaopa kumuuza kuti tilemberane, kuopa kuti aziti sukumukhulupirira. Kale ndinkati umenewu ndi ulemu. Lero ndimati n'kupusa, ndipo sindisintha. Amene wakwiya poona pepala ndi cholembera, sankafuna kubweza n'kale. Mnzangayo mpaka lero amandipatsa moni pamsewu ngati palibe chinachitika, nanenso ndimayankha, kaya chifukwa chiyani.

Nanga malamulo amati chiyani?

Ali kumbali yanu kuposa mmene mukuganizira. Lamulo la ku Britain la 1882, Bills of Exchange Act, limene mayiko ambiri anatengera, limayamba ndi kuganiza kuti wosaina cheke analandirapo kanthu. Ndiye ntchito yotsutsa ndi ya iyeyo, osati yanu. Ku India anafika patali: gawo 138 la Negotiable Instruments Act limati kubwerera kwa cheke cholipirira ngongole chifukwa chosowa ndalama mu akaunti ndi mlandu wotha kumangitsa munthu zaka 2, bola mwamulembera kalata pasanathe masiku 30, iye n'kulephera kulipira m'masiku 15. M'mayiko ena mumangosuma kuti akubwezereni.

Koma akangobweretsa nkhani yomveka, monga ija ya chikole, woweruza amatembenukira kwa inu. Choncho sungani cheke chenichenicho ndi kapepala ka banki konena chifukwa chimene achibwezera. Pezani sitetimenti yoonetsa tsiku limene ndalama zinatuluka, mauthenga a pafoni amene ankapepesa kuti abweza, ndi munthu amene analipo. Mulembereni kalata yofuna ndalama zanu sabata ino, kope lake musunge, kenako kaonaneni ndi loya nthawi yosumira isanathe.