Thermostat ya Probox ili pati, nanga n'koyenera kuichotsa?

Bambo wina wanditumizira imelo. Akuti anagula Toyota Probox yochokera ku Japan, ndiye amakaniko awauza kuti achotse thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi oziziritsa injini, poti "ndi ya kumayiko ozizira". Anayesa kuifufuza potsatira payipi yapamwamba ya rediyeta koma sanaipeze. Akufunsa kuti ili pati, komanso ngati aichotsedi.

Achimwene, simunasochere kwenikweni. Pa magalimoto ambiri, payipi yapamwambayo ikafika pa injini imalowa m'kachivindikiro kotumphuka komangidwa ndi mabawuti awiri kapena atatu, ndipo thermostat imakhala m'menemo. Koma pa injini ya 1NZ-FE, yomwe ili m'ma Probox ambiri, Sienta ndi Corolla, a Toyota anaiika polowera madzi. Choncho tsatirani payipi yapansi kuchokera pa rediyeta mpaka pomwe yalumikizana ndi injini, chapafupi ndi alternator (chipangizo chotchaja batire). Mupeza kachivindikiro ka manati awiri. Ili kuseri kwa kameneko.

Mukaitulutsa muona kuti ndi kanthu kokwana m'manja, kokhala ndi sipuling'i ndi kabotolo kachitsulo pakati. M'kabotoloko muli phula. Injini ikakhala yozizira, phulalo limakhala louma ndipo njira yopita ku rediyeta imakhala yotseka, madzi n'kumangozungulira mu injini momwemo kuti itenthe msanga. Madzi akafika pa madigiri 82, nambala yomwe imadindidwa pa thermostat pomwepo, phula limasungunuka n'kufufuma, limakankha kachitsulo, njira n'kuyamba kutseguka. Pofika madigiri 95 imakhala itatsegukiratu.

Za kuchotsazo, ine ndikukana. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito itatentha pamlingo umenewo, kaya muli ku Dedza mu June kapena ku Nsanje mu October. Ku Japan komweko mwezi wa August kumatentha kupitirira madigiri 30, koma saichotsa. Mukaichotsa, injini imachedwa kutentha, kompyuta yake imaona ngati mwangoliza kumene, ndiye imapitiriza kuthira petulo wambiri. Mafuta mmene adulira muno, imeneyo ndi ndalama yongotaya tsiku ndi tsiku. Oyilo nayenso satentha mokwanira kuti chinyezi chituluke, amasanduka phala, zitsulo n'kumadyana msanga. Palinso china chomwe ambiri sachidziwa: thermostat zina zili ndi kambale kachiwiri kumunsi komwe kamatseka njira yachidule yosadzera ku rediyeta madzi akatentha. Kakachoka, madzi ena otentha amazemba rediyeta, injini n'kuwira pachitunda ngakhale thermostat mulibe.

Ngati galimoto ikuwira, pezani chomwe chikuiwiritsa: fani yosazungulira, rediyeta yotsekeka ndi dzimbiri la madzi apampopi, chivindikiro cha rediyeta chotha, pampu yamadzi, kapena thermostat yomwe yakakamira. Kuiyesa n'kosavuta. Imangirireni kawaya, muiviike m'poto wamadzi osakhudza pansi, muike pamoto. Madzi asanabwadamuke iyenera kuyamba kutseguka, ndipo akazizira itsekenso. Ikakanika, gulani ina ya nambala yomweyo pamodzi ndi labala yake.

Chonde musatsegule chivindikiro cha rediyeta injini ili yotentha, madzi ake amathovoka n'kuwaula nkhope. Pobwezeretsa thermostat, kabowo kake kakang'ono kokhala ndi kapini kogwedera kayang'ane kumwamba kuti mpweya uzituluka, kenako thirani coolant (madzi amankhwala oziziritsira injini), osati madzi okha.