Achemwali, ku Lilongwe musafike dzuwa litalowa

Achemwali, pa funso lanu la mmene mungayendere kuchokera ku Blantyre kupita ku maofesi a boma a ku Capital Hill ku Lilongwe, minibasi ya masana ya pa depoti ya Wenela ija muisiye ngakhale mtengo wake uli wotsikirapo, makamaka poti mwanena kuti muyenda ndi mayi okalamba komanso mapepala a penshoni ya malemu bambo. Kwerani basi yaikulu yonyamuka m'mawa, yogula tikiti dzulo lake, imene nambala ya mpando imalembedwa pa tikitipo. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M1 pali makilomita opitirira pang'ono 300, ndipo basi yosatola anthu m'njira imatenga maola anayi ndi theka kapena asanu, kuwerengera ndi kuima kwa apolisi pa Zalewa komanso pa zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Mukanyamuka 7 koloko, nkhomaliro mukadyera mumzindamo. Minibasi ilibe nthawi yonyamukira, imadikira kudzaza, ndipo amene akukuuzani kuti mukafika kusanade sanakwerepo ali ndi munthu wofooka pambali.

Ine zinandionekera mwezi wa June, ndili ndi mwana wa mng'ono wanga wa zaka 6, tikupita kwa achimwene ku Area 24. Oitanira anatilanda chikwama tisanatsike bwino pa minibasi ya ku Ndirande, akukuwa kuti yatsala anthu awiri, ndipo kuyang'ana mkatimo mipando inaonekadi yodzaza, injini ikulira, dalaivala ali pa chiwongolero. Kondakitala anatenga ndalama tisanakhale n'komwe pansi. Titakhala, amuna amene ndinkawayesa apaulendo anayamba kutsika mmodzimmodzi nthawi iliyonse pakabwera munthu woona, ndipo m'pamene zinadziwika kuti anali a ganyu yongokhala m'minibasimo kuti izioneka yodzaza. Nditapempha ndalama zanga kuti ndikakwere ina, kondakitala anangoyang'ana kumbali ngati sindikulankhula naye. Tinalowa m'minibasimo cha m'ma 11 koloko, koma tinatuluka pa Wenela 2 koloko itapitirira, n'kumaima pa Lunzu, pa Zalewa, pa Phalula, pa Ntcheu, paliponse pamene munthu wakweza mkono.

Pa Lizulu anapakira matumba a mbatata ya kachewere mpaka kutsekereza miyendo, ndipo mpando wa anthu atatu unakhala wa anayi, mwana ali pamiyendo panga. Pa Dedza, dzuwa litalowa kale, dalaivala anazimitsa injini n'kunena kuti iye sapitirira chifukwa anthu achepa, ndiye anatigulitsa kwa minibasi ina imene inali isanadzaze. Amene mumadziwa kuzizira kwa pa Dedza mwezi wa June mukumvetsa chimene ndikunena. Tinaima panja mphepo ikuchokera kuphiri, mwana ali ndi kajuzi kopyapyala, makondakitala awiri akukangana za ndalama zathu ngati ife tinali matumba a chimanga, ndipo foni yanga inathera moto pomwepo ndikuyesa kuuza achimwene kuti tachedwa.

Tinadutsa pa Nathenje ndi pa Six Miles kuli mdima wandiweyani, n'kukalowa m'depoti ya ku Lilongwe 8 koloko itapitirira. Chitseko chisanatseguke, manja anali atalowa kale pa zenera kufuna chikwama. Mnyamata wina anachigwira n'kufunsa kumene tikupita, ndipo nditati ku Area 24, anati tiyeni amayi, n'kuyamba kuyenda mofulumira pakati pa maminibasi, ine ndikumuthamangira ndikukoka mwana, poopa kuti chikwama chingazimirire mumdimamo. Anatifikitsa pa minibasi imene kondakitala wake ankaitanira ku 25. Ndinafunsa momveka bwino, kawiri konse, ngati ifika ku 24, ndipo munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake, anandiyankha kuti 24 ndi 25 ndi khomo limodzi, mukatsika mungoyenda pang'ono. Mnyamata uja anafunanso ndalama yonyamulira chikwama chimene sindinamutume.

Tinawoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, tinadutsa mashopu owala, tinapitirira pa Area 18, kenaka nyumba zinayamba kutalikirana ndipo kunamveka fungo la fodya la ku Kanengo. Anatitsitsa pa Nsungwi, ku Area 25, msika ukutsekedwa. Ndinafunsa mayi wina amene ankalongedza tomato m'dengu kuti njira ya ku Ngwenya, ku Area 24, ndi iti, ndipo mayiyo anasiya zimene ankachita, anandiyang'ana, anayang'ana mwana, n'kunena kuti mayi mwatayika, ku Ngwenya ndi kutsidya, kumene mwachokera komweko. Potembenuka kuti ndimufunse kondakitala uja, minibasi inali itapita. Mwana anayamba kulira kwa njala ndi kuzizira, mano akugundana, ndipo ine ndinali ndi foni yakufa m'manja, nambala ya achimwene ili mkati mwake, ndalama yotsala yosakwana ngakhale chipinda cha resitihausi. Anyamata angapo amene anali pa khonde la shopu anayamba kusendera kuti amve nkhani, ndipo miyendo yanga inayamba kunjenjemera mpaka ndinakhala pansi pa benchi ya tomato.

Mpaka lero kondakitala ameneyo sindimumvetsa. Anaona bwinobwino kuti ndine mlendo, anaona mwana, ankadziwa nthawi imene inali, ndipo mzinda ankaudziwa kuposa ine, koma anasankha kunama chifukwa cha mtengo wa mpando umodzi. Umenewu si umphawi ayi, chifukwa mayi wa tomato uja nayenso sanali wolemera, koma anandibwereka foni yake, anamupatsa mwana mandasi awiri ndi chitenje chofunda, ndipo anadikira nane mpaka bambo a kunyumba ku Blantyre atanditumizira nambala ya achimwene. Oitanira ndi makondakitala a mtundu umenewu ndi amene amachititsa kuti munthu wochokera kumudzi aziopa likulu la dziko lake lomwe, ndipo chopweteka n'chakuti palibe kumene ungakadandaule, poti usiku umenewo ndani amene amayang'ana nambala ya galimoto. Mayiyo anaitana wa kabaza amene amamudziwa, wa mpingo wawo, ndipo tinakwera atatu pa njinga yamoto imodzi, chikwama chili pa thanki, opanda chipewa ndi mmodzi yemwe, n'kuudula mzinda wonse pakati kubwerera kumene tinachokera.

Choncho choyamba chimene muyenera kuchidziwa n'chakuti manambala a madera a mu Lilongwe satsatana monga mmene munthu angaganizire. Likulu linasamuka kuchoka ku Zomba m'chaka cha 1975, ndipo manambalawo sakuuzani dera limene lili pafupi ndi linzake. Area 23 ndi Area 24 zili kummwera chakum'mawa, mbali ya ku Kawale ndi ku Chilinde, pamene Area 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo. Area 36 ili pa msewu wa ku Blantyre, mudzaidutsa polowa mumzinda, pamene Area 18 yayandikana ndi Area 49. Poti mwati mukagona kwa azakhali ku Area 49, nambala yokhayo sikukwanira, chifukwa kumeneko kuli Gulliver, kuli Dubai, kuli Shire, ndipo wotsika polakwika amayenda mtunda ndithu. Afunseni azakhaliwo dzina la siteji yeniyeni yotsikira komanso chizindikiro chapafupi, kaya ndi tchalitchi, sukulu kapena chigayo, ndipo zimenezo pamodzi ndi manambala a foni a anthu awiri muzilembe pa pepala, pepalalo mulisunge m'thumba la chovala osati m'chikwama. Koma chabwino koposa n'chakuti munthu wa kunyumbako adzakuchingamireni potsikira basi, ngakhale zitafunika kuti mumutumizire ya thiransipoti.

Chachiwiri, Lilongwe ndi matauni awiri. Munthu wa kumeneko akati ndikupita m'tauni amatanthauza Old Town, kumene kuli depoti, msika waukulu, msewu wa Malangalanga, mzikiti waukulu ndi chipatala cha Bwaila. Capital Hill kumene kuli maunduna a boma ili ku City Centre, makilomita 5 kapena 6 kuchokera kumeneko, ndipo pakati pake pali nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Pa msewu umenewo musayende pansi ndi mapepala, ngakhale masana, ngakhale wina atakuuzani kuti m'pafupi. Mwayi wanu ndi wakuti kuchokera ku Area 49 simufunika kutsikira ku Old Town n'kukweranso ina, chifukwa msewu waukulu umachoka kumeneko, kudutsa pa Area 18, mpaka kukafika ku Nyumba ya Malamulo ndi ku manda a Kamuzu, ndipo Capital Hill ili pamtunda pomwepo. Chifukwa cha mayi, ine ndingakulangizeni kuti tsiku limenelo mubwereke galimoto kapena njinga ya mateyala atatu imene azakhali amaidziwa, mugwirizane mtengo wopita ndi wobwerera musanakwere, ndipo mulipire mutafika. Nyumba za ku Capital Hill ndi zofanana maonekedwe komanso zotalikirana, moti munthu wokalamba amatopa asanapeze khomo loyenera, ndiye mayi muwakhazike pamthunzi inu muyambe mwafunsa alonda.

Fikani kumeneko cha m'ma 8 koloko, Lolemba mpaka Lachinayi, chifukwa Lachisanu ambiri amaweruka masana, ndipo pakati pa 12 koloko ndi 1 koloko ndi nthawi ya nkhomaliro. Makope a mapepala onse mupangiretu ku Blantyre, awiriawiri, pamodzi ndi a zitupa za unzika zanu ndi za mayi. Mapepala enieniwo asalowe m'chikwama chopita kumbuyo kwa basi, akhale mu envulopu ya pulasitiki pathupi panu. Konzekeraninso kuti nkhani za penshoni sizitha tsiku limodzi, choncho azakhali adziwiretu kuti mwina mugona masiku angapo.

Za mitengo ya maminibasi musadalire zimene anthu ena angakuuzeni, chifukwa imasintha mafuta akakwera kapena akasowa, ndipo chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chaka chatha sukuthandizani chaka chino. Funsani wapaulendo mnzanu amene wakhala kale mkatimo, osati kondakitala, ndipo madzulo yembekezerani kuti mtengo ukhala wokwererapo kusiyana ndi wa m'mawa. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono m'thumba lapadera. Mukapereka K5,000 mudzauzidwa kuti chenji mulandira kutsogolo, ndipo kutsogoloko mudzapeza kuti mwatsika kale. Ndalama zochuluka zikhale ku Mpamba kapena ku Airtel Money, muzitapa pang'onopang'ono, ndipo foni ikhale yodzaza moto ponyamuka, isakhale yoonerapo mavidiyo m'njira. M'minibasi ikaima pa mzere wa magalimoto pafupi ndi mlatho, makamaka m'mawa ndi nthawi yoweruka, foni musaigwirire pa zenera lotsegula.

Amene angakulangizeni za ndege akunena zoona kuti imafulumira, koma dziwaninso kuti bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kuchokera mumzinda, ndipo galimoto yochoka kumeneko nayo ili ndi mtengo wake.

Pa depoti musakhulupirire munthu aliyense, chikwama musachisiye m'manja mwa wina ngakhale atakutchulani amayi mwaulemu chotani, ndipo musaoneke ngati mukufunafuna njira. Mukasokonezeka, pitani kwa amayi ogulitsa malonda amene akhala pansi ndi katundu wawo, muwapatse moni, mugule kanthu kakang'ono, kenaka mufunse, chifukwa iwowo alibe mpando woti adzaze. Kabaza wa njinga yamoto musakwere, makamaka ndi mayi, poti ambiri alibe zipewa, amalowerera pakati pa magalimoto, ndipo ngozi zake ndi zosasimbika. Komabe nambala ya wa kabaza mmodzi wodziwika kwa azakhali muitenge ndi kuilemba pa pepala lija, chifukwa maminibasi akayamba kusowa usiku, ndi iyeyo amene angakutulutseni pamene mwaima.

Tikiti yobwerera mugule mukangodziwa tsiku limene muthane nazo ku Capital Hill, ikhalenso ya m'mawa, ndipo mufunse kumene basiyo imanyamukira, chifukwa mabasi akuluakulu ambiri ali ndi malo awoawo kunja kwa depoti ya ku Old Town. Mayi muwatengere juzi yokhuthala ndi mpango wa kumutu ngati ulendowu uli pakati pa May ndi August, komanso madzi ndi kachakudya ka m'njira, poti basi yaikulu simaima nthawi yaitali pa Ntcheu kapena pa Dedza.