Kwa mayi amene afunsa za sukulu yotsekedwa ija

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zakuonekeranizi. Mwati sukulu ya pulayiveti imene mwana wanu amaphunzirako Fomu 4 kuno ku Salima yatsekedwa teremu ili m'kati, fizi munalipira yonse, mwini sukulu sakuyankha foni, ndiye mukufuna kudziwa ngati ndalama zanu zidzabwerere komanso ngati munthuyo ndi wakuba. Ndiyankha motalikirapo, chifukwa ine ndinagwirapo ntchito muofesi ya ndalama pa sukulu ina yotereyi cha ku Nkhotakota, ndipo ndinalipo tsiku limene tinakhoma geti komaliza. Dzina la sukuluyo sinditchula.

Yambani mwapulumutsa mwanayo, za ndalama zibwere pambuyo. Mawa lomweli fufuzani ngati dzina lake linalowa m'kaundula wa MANEB wa olemba MSCE, ndiponso kuti analembetsedwa pa senta iti. Sukulu zing'onozing'ono zina zilibe senta nambala yawoyawo, zimakalembetsa ana kusukulu ina, ndipo makolo sauzidwa n'komwe. Ngati ndalama ya mayeso munalipira nokha kubanki kapena pafoni, sungani umboniwo ngati diso lanu. Koma ngati munapereka pamanja kusukulu kuti akakulipirireni, musagone, chifukwa sukulu ikamamira ndalama imeneyi ndi imene imayamba kudyedwa. Pitani kuofesi ya maphunziro paboma, ndipo dziwani kuti nkhani za sekondale m'boma lino zimayang'aniridwa ndi Central East Education Division, imene ofesi yake ili ku Kasungu ndipo imaonanso Nkhotakota, Ntchisi ndi Dowa. Musapite nokha. Sonkhanitsani makolo anzanu, mulembe mayina a ana onse ndi makalasi awo papepala limodzi, onse asayine. Kholo limodzi amaliuza kuti lidzabwere sabata ya mawa, koma gulu amalipatsa mpando.

Afunefuneni ahedi kapena mphunzitsi aliyense amene akadali m'deralo, akulembereni kalata ya tilansifa ndi kukupatsani masukulu lipoti a mwanayo chidindo chisanasowe. Kumene mungamupezere malo, muonetsetse kuti kuli labu, chifukwa Biology, Chemistry, Physics ndi Agriculture zili ndi mayeso a pulakitiko. Ngakhale makalasi a masana aja timati open, pa sekondale ya boma kapena pa CDSS, ndi abwino kuposa kuti mwana wa Fomu 4 akhale pakhomo mwezi wathunthu mukudikira mwini sukulu.

Tsopano za momwe sukulu imagwera, chifukwa ndaona ena m'makomenti m'munsimu akudabwa kuti ana onse aja amalipira, ndiye ndalama zinkapita kuti. Sukulu ya pulayiveti ili ndi khomo limodzi lokha lolowera ndalama, ndilo fizi, ndipo khomo limenelo limatseguka katatu pachaka. Makomo otulukira ndi a tsiku ndi tsiku: malipiro a aphunzitsi, lendi ngati nyumbazo ndi za eni, magetsi, madzi, choko, mapepala a mayeso, msonkho wa MRA, ndipo ngati ana amagonera komweko, ufa, nyemba, usipa, kabichi ndi nkhuni. Kunyanja kuno ndalama ya kholo imayendera nyengo. Wina amadikira mpunga wa ku Lifuwu, wina thonje, wina akhulupirira kuti usipa ufa ku Senga Bay kapena ku Chipoka. Teremu yachiwiri imatsegulidwa mu Januwale, nkhokwe zitauma, chimanga chitakwera mtengo pamsika. Kholo limabwera ndi theka, n'kunena kuti yotsalayo ikubwera tikakolola. Iwe wa muofesi umalandira, chifukwa ukamubweza mwanayo ndiye kuti ngakhale thekalo wataya. Koma mwana wolipira theka amadya mbale yodzaza ngati mnzake.

Ife chimene chinatithyola msana ndi Covid. Boma linatseka sukulu zonse pa 23 Malichi 2020, ndipo makalasi anayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala. Aphunzitsi a boma ankalandirabe, koma kwa ife miyezi yonse ija sikunalowe ngakhale tambala, pomwe mwini nyumba ankafuna lendi yake mwezi ndi mwezi. Bwana wathu anakatenga ngongole kubanki, chikole chake malo. Tisanapume, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Taganizani, fizi mwalengeza mu Seputembala, makolo alipira, kenako pakati pa teremu mafuta ophikira, shuga, mapepala ndi thiransipoti zonse zakwera. Kuwauza makolo kuti awonjezere, amachotsa ana. Kusawauza, ngongole imakula. Ndiye mumayamba kukumba dzenje kuti mukwirire linzake: fizi ya teremu ino ikubweza ngongole ya nyemba za teremu yatha, malipiro a Okutobala akuperekedwa mu Disembala. Banki ikakana, mumapita kubanki mkhonde, kumenekonso zikakanika mumathera pa katapila. Sukulu ikafika pa katapila, yafa kale, kwangotsala kulengeza maliro.

Chotsatira chake aphunzitsi amachoka, ndipo oyamba kuchoka ndi amene akufunidwa kwina, a masamu ndi a sayansi. Zotsatira za MSCE zimatsika, makolo amene ali ndi kuthekera amasamutsira ana ku Lilongwe, otsala ndi omwe aja olipira mwapang'onopang'ono.

Koma ndisanamizire Covid ndi kwacha zokha, chifukwa sukulu zina zinadutsa m'moto womwewo ndipo zilipo mpaka lero. Chimene ndinachiona ndi maso anga n'chakuti eni sukulu ambiri sasiyanitsa thumba la sukulu ndi thumba la kunyumba. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana ofuna malo kusekondale anachuluka kuposa malo a boma, anthu akhala akutsegula sukulu ngati mmene amatsegulira golosale. Sabata yotsegulira, bwana amaona ndalama zambiri pakamodzi n'kumayesa zonse ndi phindu. Agula minibasi, agula injini ya boti, ayamba kumanga nyumba, osakumbuka kuti ndalama imeneyo ikuyenera kudyetsa ana miyezi itatu. Palibe bodi yomufunsa, palibe wowerengera mabuku wochokera kunja. Wa muofesi ukalankhula, amakukumbutsa kuti sukuluyi ndi ya ndani.

Ndiye kodi ndi wakuba? Maganizo anga ndi awa: mwina sanayambe ndi mtima wakuba, ndipo kulephera bizinesi si mlandu. Koma munthu amene akulandira fizi ya teremu yonse akudziwa kuti mwini nyumba wamupatsa kale tsiku lotuluka, kapena kuti banki ikubwera kudzalanda malo, ameneyo wabera makolo. Kutseka sukulu sikubwera ngati mphezi, mwini wake amakhala akudziwa kwa miyezi. Ine ndinalemba malisiti sabata yomaliza ija ndikudziwa kuti zinthu sizili bwino, ndipo nkhope ya agogo ena amene anagulitsa mbuzi kuti alipirire mdzukulu wawo imandibwererabe mpaka pano. Ndikanawanong'oneza kuti adikire kaye. Sindinatero, ndinkaopa kuchotsedwa ntchito imene inali itatha kale.

Za kubwezedwa ndalama, sindikunamizani, Mayi, kuti mudzapeza zonse. Fufuzani kaye kuti sukuluyo inalembetsedwa bwanji. Ngati ndi bizinesi ya m'dzina la munthu, ngongoleyo ndi yake, ndipo khoti likhoza kulamula kuti katundu wake agwidwe. Ngati ndi kampani ya limitedi, mumalimbana ndi katundu wa kampaniyo basi, ndipo pamzerepo pali banki imene inagwira chikole, pali ogwira ntchito amene lamulo limawaika patsogolo pa nkhani ya malipiro awo, inu makolo muli kumbuyo pamodzi ndi ogulitsa nyemba. Nyumbazo zikakhala za lendi, chotsala ndi madesiki ndi mabolodi. Komabe musangozisiya. Sonkhanitsani malisiti, masilipi a kubanki, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, mukadandaule kukhoti la majisitireti ngati gulu, ndipo a Legal Aid Bureau alipo kuthandiza amene sangathe kulipira loya. Ngati pali umboni woti ankatolera ndalama akudziwa kuti akutseka, kauzeninso apolisi, chifukwa kulandira ndalama mwachinyengo ndi mlandu paokha.

Amene akulemba kuti tiyeni tikazule malata ndi kunyamula madesiki, chonde musawamvere. Katengeni matilesi, chikwama ndi mabuku a mwana wanu, pamaso pa mfumu kapena apolisi, basi. Mukatenga china, wolowa m'chitokosi mudzakhala inu, mwini ngongole ali phee kwawo.

Aphunzitsiwo musawalalatire mukakumana nawo pa Kamuzu Road. Ife tinachoka ndi miyezi itatu yosalipidwa, ndipo titafufuza tinapeza kuti 5 peresenti imene ankatidula ya penshoni sinkafika kumene imayenera kupita, osanenanso za 10 peresenti imene bwana amayenera kuikapo. Ngati ena mwa iwo ali pagulu pano, pitani kuofesi ya leba paboma, zikakanika nkhaniyo imapita ku Industrial Relations Court, khoti loweruza nkhani za pantchito. Ndipo aphunzitsi omwewa ndi amene angakuthandizeni kwambiri pano: makolo a Fomu 4 mutasonkherana kangachepe, akhoza kumawaphunzitsa ana masana pamene mukufunafuna malo, silabasi isaime.

Kumene mukamupititse mwanayo, funsani kuti akuonetseni chiphaso cha Unduna wa Zamaphunziro ndi senta nambala ya MANEB, ndipo funsaninso ngati ali mamembala a ISAMA, bungwe la sukulu zomwe si za boma. Lipirani kuakaunti imene ili m'dzina la sukulu, osati kunambala ya foni ya munthu, ndipo musalipiriretu chaka chonse ngakhale akuchotsereni mtengo. Kenako mupatukire pambali mlonda kapena mayi wophika, muwafunse kuti mwezi wathawu analandira liti.

Mukabwerako kuofesi ya maphunziro, mudzatiuze pano zimene akuyankhani za senta ya mayeso, chifukwa ndaona makolo ena awiri m'munsimu amene ana awo anali pasukulu yomweyo.