Mutu wa sitima ya dizilo nawonso umayendera magetsi, achimwene

Bambo wina wa ku Katete wanditumizira imelo, akuti bwanji sitima zathu zikadali za dizilo pomwe Tanzania inayamba kuyendetsa zamagetsi kuchoka Dar es Salaam mpaka Dodoma mu 2024. Achimwene, funso lanuli landifika pamtima.

Ife tinakula tikumva kuti njanji ya Mchinji ikubwera, ntchito inayamba 1982 koma anadzaitsegula mu 2010 nthawi ya a Rupiah Banda. Tsiku lina mutu utaima pa siteshoni ya Chipata ndinapita kukauona, injini ikulira pansipansi, nthaka ikunjenjemera kumapazi, fungo la dizilo mpaka kulowa m'malaya, ndiye adalaivala ena achikulire ataona kuti sindikusuntha anandikodola nkundilozera kunsi pakati pa mawilo, amvekere "mwana wanga, awa ndi mamota amagetsi". Injini ija simazunguza mawilo ayi, imazunguza jenereta, jeneretayo ndiye imapatsa moto mamota. Mitu ya mtundu wa U20C ya kampani ya General Electric yomwe yakoka mabogi a Zambia Railways zaka zambirimbiri ndi yotero. Mutu wa dizilo umayenda ndi malaiti akeake, wamagetsi umachita kutapa pa waya wam'mwamba.

Wamagetsi ndimaukonda, sufuka utsi, umanyamuka mwachangu, sulira kukonzakonza. Koma mapolo ndi mawaya mtunda wonsewo ndi ndalama zoopsa, zimabwerera pokhapokha sitima zikamadutsa motsatizana usana ndi usiku ngati za miyala ya chitsulo zochoka Sishen kupita Saldanha ku South Africa. Zimbabwe inaika mawaya kuchoka Harare kufika Gweru m'ma 1980, akuba anawamasula, lero abwerera ku dizilo. Nanga 2024 madzi atachepa ku Kariba tinkakhala maola angati mumdima? Sitima ya feteleza ingaime mtchire kudikira malaiti? Komanso njanji yatsopano ya Tanzania ndi ya mamilimita 1,435 mulifupi, yathu ndi 1,067, mitu yawo siingaponde kuno.

Yankho lanu

Kwa ife dizilo ndiye yoyenera pakadali pano, sindikukayika. Chondiwawa ine ndi kuona mathiraki akuswa msewu wa Great East ndi katundu woti akanakwera mabogi kupita ku doko la Nacala. Njanji ya Chipata kudzera Petauke kukalumikiza TAZARA ku Serenje imangidwe kaye, katundu achuluke, za mawaya tidzakambe pamenepo.